KUKALAMBITSA KAGALIMOTO: LUSO LA KUPENTA DZIMBIRI

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nchito ya manja imene ena a inu mudzaiyesa yopusa poyamba kuimva. Munthu ali yense amene ali ndi galimoto kapena njinga amadana nalo dzimbiri. Amatsuka, amapukuta, amathira mafuta, ndipo akaona kabanga kofiira pa citsulo mtima umamuwawa, pakuti adziwa kuti ndalama zace ziri kudyeka. Koma alipo anthu ena m'maiko ambiri amene amagula kagalimoto katsopano konyezimira, kokwana pa cikhato, nakhala pa tebulo masabata angapo kukasandutsa kokalamba, kosuluka ndi kodyedwa ndi dzimbiri. A ku Britain ndi ku America amaicha nchito imeneyi weathering, ndiko kunena kuonetsa pa cinthu zipsera za dzuwa, mvula ndi mphepo.

Kodi acitiranji zimenezi? Galimoto zatsopano zotuluka m'fakitale imodzi zifanana zonse, ndipo palibe imene iri ndi mbiri yace. Koma ambiri a ife tikumbuka galimoto ina yace: lole imene inatitenga kumudzi kudza ku migodi, kapena galimoto ya atate imene inatha masiku ace kuseri kwa nyumba, itakhala pa njerwa, nkhuku ziri kuikira m'kati mwace. Galimoto zotere sizikhalitsa. Ogula zitsulo amabwera, nazidula, nazitenga. Munthu wodziwa luso limene tikamba lero akhoza kuibweza galimoto yotero, ndi mabanga ace onse, naiika pa shelefu kuti adzukulu aione. Komatu akacita mothamanga, adzaononga m'madzulo amodzi cinthu cimene anagula ndi ndalama zambiri. Cifukwa cace mverani bwino.

TIMAGALIMOTO TIMENETI NDI MUYESO WACE

Tonse tidziwa timagalimoto ta waya timene anyamata amapanga m'makomboni. Timene tikamba pano n'tosiyana, cifukwa timapangidwa ndi muyeso. Pa bokosi mudzaona manambala monga 1:24 kapena 1:43. Tanthauzo la 1:24 ndi lakuti sentimita imodzi pa kagalimoto iimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Titenge Volkswagen Beetle, galimoto ija ya msana wozungulira ngati wa fulu, imene inali kupangidwanso ku Uitenhage, ku South Africa, kuyambira mu 1951 kufikira mu 1979. Utali wace upitirira pang'ono mamita 4. Mukagawa ndi 24, mupeza kuti cifanizo cace cikhala masentimita 17. Sungani nambala imeneyi ya 24, pakuti tidzabwerera kwa iyo kawiri kawiri.

Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wa timagalimoto tosungunulidwa m'cikombole, togulidwa totha kale. Kampani ya Meccano ya ku Liverpool inayamba kugulitsa ta dzina la Dinky Toys mu 1934. Ta Matchbox tinayamba mu 1953, ndipo ta Corgi mu 1956. Timeneti timalemera m'manja, ndipo anthu amayesa kuti n'tacitsulo, koma thupi lace ndi la zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono. Inu a ku Kabwe, kumene kale kunali kuchedwa Broken Hill, mumdziwa bwino zinki, pakuti mgodi wa kumeneko unali kutulutsa zinki ndi mtobvu kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Mtundu waciwiri ndi wa pulasitiki, umene umadza m'zidutswa kuti mwini alumikize yekha ndi guluu. Kampani ya Airfix ya ku Britain inayamba ndi thirakitala ya Ferguson mu 1949, ndipo ena odziwika ndi a Revell ndi a Tamiya a ku Shizuoka, ku Japan, amene anapanganso Beetle ya caka ca 1966 pa muyeso wa 1:24.

Zinki sacita dzimbiri lofiira, pulasitiki sacitanso. Cotero kusiya kagalimoto pa mvula kapena kukakwirira m'dothi sikuthandiza kanthu. Dzimbiri lonse liyenera kupentedwa ndi dzanja. Mmodzi wa anthu amene anafalitsa luso limeneli ndi John Allen, wojambula zithunzi wa ku Monterey, ku California, amene anamanga njanji yaing'ono m'nyumba mwace m'zaka za pambuyo pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Pamene anzace anali kunyadira masitima onyezimira, iye anadetsa ace ndi mwaye, ndipo anthu poona zithunzi zace anayesa kuti ndi masitima enieni. Anamwalira mu 1973. M'zaka za m'ma 1970 Sheperd Paine, wa ku America yemweyo, anaphunzitsa anthu ambiri ndi timapepala timene kampani ya Monogram inali kuika m'mabokosi a zifanizo za magalimoto a nkhondo.

DZIMBIRI N'CIANI?

Munthu sangajambule cinthu cimene sacidziwa. Dzimbiri limabadwa pamene zinthu zitatu zikomana: citsulo, madzi, ndi mpweya wa okisijeni umene tipuma. Mukacotsa cimodzi ca zitatuzi, dzimbiri silidza. Ndiye cifukwa cace penti ndi mafuta zimasunga citsulo, pakuti zimatsekereza madzi ndi mpweya. Mcere ndi asidi zikalowa m'madzi, nchito ya dzimbiri imafulumira kwambiri. Inu amene mutsika pansi pa mgodi mwaona ndi maso anu m'mene njanji ndi mapaipi zimadyekera msanga m'malo a cinyezi.

Mwaonanso kuti mkuwa ukakhala panja umasanduka wobiriwira. Kubiriwira kumeneku kumamatirira pa mkuwa ndi kuucinjiriza, cotero mkuwa wa m'kati ukhala bwino zaka zambiri. Dzimbiri la citsulo silitero ai. Ilo ndi lofumbutuka, limamwa madzi ngati siponji, ndipo limatupa koposa citsulo cimene linacokerako. Potupa limatukula penti, penti acita matuza, matuza aphulika, madzi alowanso, ndipo dzimbiri lipitirira kudya pansi pa penti kufikira litaboola. Cotero banga la dzimbiri liri ndi pakati pace pamene linayambira ndi m'mbali mwace m'mene liri kupita.

Dzimbiri liribe mtundu umodzi. Latsopano, limene madzi angolisiya kumene, ndi lowala, la mtundu wa lalanje kapena lacikasu. Lakale ndi lofiira moderako ngati khofi, ndipo pena limafika pafupi ndi kuda. Wophunzira amalakwa pamenepa: amatenga penti mmodzi wa lalanje napaka pali ponse, ndipo kagalimoto kaoneka ngati kathiridwa msuzi wa matimati. Dziwaninso kuti dothi lofiira la kwathu kuno limafiira cifukwa ca citsulo ca m'nthaka cimene cinakomana ndi mpweya kalekale. Njerwa nazonso zimafiira m'ng'anjo cifukwa ca citsulo comweco. Penti wa ojambula zithunzi wochedwa ochre, sienna ndi umber anayamba monga dothi lotero. Dzina la sienna licokera ku mzinda wa Siena ku Italy, ndipo burnt sienna ndi dothi lomwelo litaochedwa pa moto kuti lifiire. Mitundu imeneyi ndiyo yoyenera nchito yathu.

YAMBANI NDI MASO

Musanagwire burashi, pitani kumene amataya magalimoto akale, kapena kuseri kwa garaja, mupemphe cilolezo kwa mwini malo, ndi kuyang'ana. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaona kuti dzimbiri silimera pali ponse. Limatsata madzi. Madzi amatsika pansi, naima pamene apeza popumira. Cotero dzimbiri lalikulu liri kunsi kwa zitseko, m'mphepete mwa madigadi m'mene matope amamatirira, pansi pa mphira wa galasi, pa mahinji, pozungulira mabauti, ndi pa paipi ya utsi, imene kutentha kunaicotsa penti kalekale.

Galimoto iri yonse iri ndi malo ace. Pa Beetle yang'anani popondera pa m'mbali, msoko umene madigadi alumikizana ndi thupi, ndi dzenje la tayala lapadera kutsogolo. Injini yace iri kumbuyo, ndipo imazizira ndi mphepo, yopanda madzi. Cifukwa cace mwaye ndi mafuta ziyenera kukhala kumbuyo. Mukazipaka kutsogolo, makanika ali yense adzakusekani. Citsanzo cina ndi Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948. Thupi la Land Rover zakale ndi la aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira. Penti akacoka, pamaoneka potuwa poyera. Dzimbiri liri pa mafupa a pansi amene amakanika amati chassis, pa cipupa ca pakati pa injini ndi woyendetsa, pa mafelemu a zitseko ndi pa marimu. Wopenta dzimbiri pa madigadi a Land Rover wanena bodza.

Funsaninso kuti galimoto yanuyo inakalambira kuti. Ku Britain amathira mcere m'miseu nthawi ya cisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo magalimoto a kumeneko amaola kuyambira pansi. Ku Beira ndi ku Dar es Salaam mphepo ya ku nyanja imanyamula mcere, ndipo dzimbiri limagwira pali ponse. Ife tikhala pamwamba, mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo kuyambira mwezi wa May kufikira October mvula siigwa. Mdani wamkulu wa penti kuno ndi dzuwa. Limatentha denga ndi boneti, penti asuluka, nafumbutuka ngati ufa, ndipo potsiriza pamakhala dzimbiri losalala lofiirira, pamene m'mbali mukali mtundu wakale. Mabowo ndi ocepa, koma pfumbi lofiira liri m'ming'alu yonse. Sankhani mbiri imodzi, ndipo muitsate kufikira mapeto.

KUKONZA THUPI

Yambani ndi kutsuka zidutswa za pulasitiki m'madzi a sopo, pakuti zimadza ndi timafuta ta m'cikombole timene timakana penti. Zikauma, ganizani za mabowo. Citsulo ca thupi la galimoto yeniyeni cimacindikala pafupifupi milimita imodzi cabe. Pulasitiki wa kagalimoto nayenso acindikala pafupifupi milimita imodzi, koma pa muyeso wathu milimita imodzi iimira mamilimita 24. Mukangoboola ndi msomali, bowolo lidzaoneka ngati labooledwa pa citsulo ca bomba la mgodi. Njira yace ndi kupala pulasitiki ca m'kati, ndi sandipepa kapena kampeni, pang'ono pang'ono, muli kuyang'anira pa nyale. Pamene kuwala kuyamba kupyola, lekani, ndipo mubaye ndi singano timabowo tosiyana kukula, ta m'mbali mokumbika. Citani zimenezi pa malo awiri kapena atatu okha, kunsi kwa citseko ndi pa madigadi.

Kuti muonetse pamene galimoto inagundidwa, fundizani supuni m'madzi otentha kwambiri kapena patali ndi moto, ndi kukanikiza nayo pulasitiki mofatsa. Musayandikize pulasitiki ku lawi la moto, pakuti amakwinyika nthawi yomweyo, ndipo palibe mankhwala ace. Matayala apaleni ndi sandipepa kuti mapazi ace aoneke akutha. Ngati galimotoyo ndi yotayidwa, palani kunsi kwa tayala limodzi kuti likhale pansi ngati laphwa. Mabampala a m'bokosi amanyezimira mopitirira. Mukawabviika m'mankhwala oyeretsera zobvala, kunyezimirako kumacoka, ndipo mukhoza kuwapenta mtundu wa siliva wozirala.

KUPENTA KUCOKERA M'KATI

Cinsinsi cacikulu ndi ici: pa galimoto yeniyeni dzimbiri liri pansi pa penti, ndipo limaoneka pamene penti wacoka. Ifenso tiyenera kutsata dongosolo lomwelo. Poyamba pakani penti woyamba wogwiriza, amene amati primer. Akauma, pakani thupi lonse mtundu wa dzimbiri lakale, wa khofi woderako. Pamwamba pace dinda-dindani ndi kasiponji mitundu ina iwiri kapena itatu, wofiira, walalanje ndi wakuda pang'ono, kuti pasakhale malo awiri ofanana. Siyani tsiku lathunthu, ndipo muphimbe ndi vanishi wopyapyala kuti zimene zidza pambuyo zisaononge nchitoyi.

Tsopano tifika pa njira ya mcere. Nyowetsani ndi burashi malo amene mufuna kuti dzimbiri lionekere, ndi kuwaza mcere pamenepo. Madzi akauma, mcere umamatirira. Apa kumbukirani muyeso. Kanjere ka mcere wa pa tebulo kali ngati theka la milimita, ndipo kadzasiya banga loimira mamilimita 12. Njere ya mcere wa miyala ya mamilimita 2 idzasiya banga loimira pafupifupi masentimita 5. Sakanizani mitundu iwiriyi, ndipo wina muusinje. Pa denga ndi pa boneti unjikani wambiri pakati, wocepa ca m'mbali.

Pamwamba pa mcere fafazani mtundu weniweni wa galimoto. Ndanena kufafaza, pakuti burashi ikhoza kukokolola mcere. Pafunika penti wa m'citini copopera kapena kacipangizo kopopera kochedwa airbrush. Imani patali masentimita 25 kapena 30, ndipo mupopere mopyapyala kawiri kapena katatu. Pa denga ndi pa boneti onjezani woyera pang'ono mu penti, kuti paoneke posuluka ndi dzuwa. Penti akauma, tsukutani mcere ndi mswaci wakale, ndipo dzimbiri lidzatulukira m'mabanga a m'mbali mokumbika monga a galimoto yeniyeni. Tsukani bwino ndi madzi, cifukwa mcere wotsala umatulutsa zoyera pambuyo pace.

Njira ina ndi ya mankhwala opopera tsitsi amene akazi amalimbitsira tsitsi lao. Mankhwala amenewa amasungunuka m'madzi. Mupopera kawiri mopyapyala pamwamba pa dzimbiri lophimbidwa ndi vanishi, ndipo akauma mufafaza penti wa madzi wochedwa acrylic. Penti atangouma kumene, munyowetsa malo ang'ono ndi kupala mofatsa ndi burashi yolimba. Madzi amapyola penti, nasungunula mankhwala a pansi, ndipo penti amacoka timapale ting'onoting'ono. Njirayi ipatsa mwini ulamuliro woposa wa mcere, ndipo ndi yabwino poonetsa zokanda zazitali m'mbali mwa citseko.

Amene alibe copopera asataye mtima. Pentani mtundu wa galimoto ndi burashi, ndipo ukauma ng'ambani kasiponji, mukabviike mu penti wa khofi, mukadinde pa pepala kufikira katatsala pang'ono kuuma, ndi kukhudza nako m'mphepete ndi m'makona. Mukafuna kuti banga lioneke lakuya, yambani kudinda mtundu wotuwa, ndipo wa dzimbiri muuike m'kati mwace, kusiya kamzere kotuwa kozungulira. Kamzere kameneka kaimira penti wa pansi wa ku fakitale, amene amaoneka pakati pa mtundu wa kunja ndi citsulo.

MIZERE, PFUMBI NDI MATOPE

Kagalimoto tsopano kali ndi mabanga, koma kakali koyera. Tengani penti wa mafuta wa ojambula zithunzi, wa burnt umber, mumsungunule ndi tapentaini kufikira ataoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Khudzani nsonga ya burashi pa mng'alu wa citseko, ndipo mudzaona akuyenda yekha m'mng'alumo. Citani cimodzimodzi pozungulira mabauti, nyale ndi zogwirira. Zimenezi zimabweza mithunzi imene cinthu cacing'ono sicingakhale nayo pa cokha. Koma samalani lamulo ili: tapentaini amasungunula penti wa mafuta, sasungunula wa acrylic wouma bwino. Ngati mtundu wa galimoto munaupenta ndi penti wa mafuta, muyambe mwauphimba ndi vanishi wa acrylic, apo ai mudzaona nchito ya sabata lonse iri kutsika pamodzi ndi burashi.

Mizere ya dzimbiri imapangidwa motere. Ikani kadontho ka burnt sienna, kocepa ngati mutu wa singano, pansi pa hinji kapena pansi pa banga. Dikirani mphindi zowerengeka, ndipo mukokere pansi ndi burashi yonyowa pang'ono cabe ndi tapentaini. Mzere ukhale wakuda pamwamba, wozirala potsika. Mizere yonse iloze pansi, monga madzi amatsikira pamene galimoto yaima. Kuno nkumene mtundu wowala wa lalanje ufunika, pakuti dzimbiri lotengedwa ndi madzi ndi latsopano.

Amene afuna dzimbiri lenileni akhoza kulipanga. Ikani waya wosalala wotsukira mapoto, wacitsulo, m'botolo la viniga, ndi kulisiya masiku angapo. Musatseke botolo ai, pakuti mumatuluka mpweya umene ukhoza kuliphulitsa. Pambuyo pace thirani m'mbale yakale kuti ziume pa dzuwa, ndi kupera zotsalazo kufikira zitakhala ufa. Ufa umenewu, mukauwaza pa vanishi wosauma, umapatsa paipi ya utsi ndi chassis maonekedwe okakala.

Pfumbi mukhoza kulipeza popala coko ca mitundu ca ojambula zithunzi, koma labwino koposa liri pa khomo panu. Tengani dothi la pa culu, pakuti ciswe cinalisankha kale losalala, muliumike, mulisinje, ndi kulisefa pa nsalu yopyapyala. Mcenga wa pa bwalo suyenera, cifukwa kanjere kace pa muyeso wa 24 kasanduka mwala. Pakani pfumbilo ndi burashi yofewa kunsi kwa thupi, m'matayala, ndi kumbuyo, kumene mphepo imaliunjika galimoto ikamayenda pa mseu wa dothi. Mukafuna matope, sakanizani dothi lomwelo ndi guluu woyera wa matabwa ndi madzi pang'ono, mupake m'kati mwa madigadi.

Pa galasi la kutsogolo dulani kapepala komata mwa maonekedwe a njira imene copukutira galasi cimayendamo, mukamate, mupake pfumbi, ndi kukamatula. Koma ngati galimoto yanu ndi yotayidwa, musacite zimenezi, pakuti palibe amene anapukuta galasi lace. Pa zogwirira za zitseko ndi popondera, pamene manja ndi mapazi zimakhudza masiku onse, dzimbiri silikhala. Tikitani pamenepo ndi pensulo, ndipo padzanyezimira ngati citsulo copukutika. Potsiriza popperani vanishi wosanyezimira pa thupi, mutabisa magalasi. Vanishi amazimitsa pfumbi, cotero mungafune kuonjezanso lina pamwamba. Cinthu cokha coyenera kunyezimira ndi kadontho ka mafuta pansi pa injini.

MACENJEZO

Coyamba ndi ca moyo wanu. Tapentaini ndi penti wopopera ziri ndi nthunzi yoipa ku mapapo, ndiponso zimagwira moto msanga. Inu a ku migodi mudziwa kale mtengo wa mapapo abwino. Gwirani nchitoyi pa khonde kapena pa zenera lotsegula, kutali ndi mbaula, kandulo ndi fodya, ndipo mabotolo muwaike kumene ana sangafike. Musathire tapentaini m'botolo la zakumwa.

Caciwiri, mankhwala osungunulira penti wa magalimoto enieni, amene amakanika amati thinner, ndi aukali, ndipo amadya pulasitiki. Musawayandikize.

Cacitatu ndi ca ndalama. Ngati muli ndi ka Dinky kapena ka Corgi kakale, kamene kakali ndi penti wace woyamba, musakakhudze. Alipo anthu amene amasonkhanitsa timagalimoto totere, ndipo amafuna penti wa ku fakitale, ngakhale wokandika. Mukakapentanso, mtengo wace umagwa. Ndiponso penti wina wakale anali ndi mtobvu, ndipo pfumbi lace ndi loopsa, makamaka kwa ana. Phunzirani pa kagalimoto kochipa ka pa msika, kapena pa masupuni a pulasitiki, kumene kulakwa sikuliritsa.

Cacinai ndico cobvuta koposa: kudziwa polekera. Njira iri yonse imene ndachulayi imakondweretsa, ndipo dzanja limafuna kuonjeza. Koma banga ndi losabvuta kuika, lobvuta kucotsa. Pentani pang'ono, muike kagalimoto pa tebulo, mubwerere m'mbuyo mapazi atatu, ndi kuyang'ana. Kajambuleni cithunzi panja pa dzuwa, kamera iri pansi pafupi ndi dothi, pakuti cithunzi cimaulula zolakwa zimene maso azolowera. Mukakaika ngati paperewera, gonani, mudzaonenso mawa. Kuthamanga sindiko kufika.

MAU OTSIRIZA

Munthu amene wakhala masabata akuyang'ana kumene dzimbiri limayambira sayang'ananso zitsulo zace monga kale. Adziwa kuti kunsi kwa citseko ca galimoto kuli timabowo totulutsa madzi, ndipo tikatsekeka ndi dothi citseko cimaola. Adziwa kuti matope otsala m'madigadi mvula ikatha amasunga cinyezi miyezi yambiri, ndi kuti kakanda kakang'ono pa njinga kafuna kadontho ka penti lero lomwe. Adziwanso kuti malata a pa nyumba amakutidwa ndi zinki, ndipo dzimbiri limayambira pamene zinkiyo wakandika, pa misomali ndi pa msoko. Cotero pophunzira kukalambitsa kagalimoto, waphunziranso kusunga zazikulu.

Loweruka likudzali, ngati simuli pa nchito, tengani mwana wanu kapena mdzukulu, mupite kukaona galimoto yakale imene iri pafupi ndi kwanu. Mumfunse akuuzeni kumene madzi anaima ndi kumene dzuwa linatentha, ndipo inu mumuuze za galimoto imene inakubweretsani kuno. Mukabwerako, mwayamba kale nchito. Amene mulowa nchito ya usiku mutsike bwino ndi kutuluka bwino, ndipo otsala nonse mugone bwino.